Masiku Amene Legson Kayira Sadayende

Nkhani ya Legson Kayira imakambidwa mothamanga, ngati ya munthu amene adanyamuka mbandakucha nakafika dzuwa likulowa. Amati mnyamata wa ku Nyasaland adachoka kwawo wopanda nsapato mu Okutobala 1958, adadutsa maiko mpaka ku Khartoum, ndipo mu Disembala 1960 adatsika ndege ku America kukayamba maphunziro. Aphunzitsi amaikamba kwa ana asukulu, alaliki amaiika m'maulaliki, ndipo omvera amagwedeza mitu ndi kunena kuti anthu ena adabadwa ndi mtima wachitsulo. Akatero amabwerera kwawo ali otonthozeka, poti mtima wachitsulo si wa aliyense, ndipo amene alibe sangaimbidwe mlandu.

Mapu ndi kalendala zimanena zina. Kuchokera m'mudzi wa Mpale, m'dera la Nthalire m'boma limene lero ndi Chitipa, kukafika ku Kampala ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200 munthu akayeza ndi ulusi wowongoka. Awonjezerepo ena 500 a kukhota kwa njira, zitunda ndi madambo. Kayira adafika ku Kampala mu Januwale 1960, patatha miyezi 15, ndiye kuti masiku 450 ndi kuposerapo pang'ono. Wodziwa masamu agawe yekha: sakwana makilomita anayi pa tsiku. Mayi wopita kuchigayo atasenza thumba la chimanga amaposa pamenepo, ndipo amabwerako dzuwa lisanapendeke. Mnyamata wamphamvu wozolowera mapiri a kumpoto, atayenda tsiku ndi tsiku osaima, akadatha mtunda wonsewo m'miyezi iwiri kapena itatu.

Choncho masiku ambiri a ulendo wotchukawu sadali masiku oyenda. Adali masiku a ganyu, a matenda, a kudikira, a kugona kwa eni ake ndi kudzuka m'mudzi womwewo. M'masiku amenewo ndimo muli nkhani imene ingathandize munthu wamba, pakuti mtima ukamayaka aliyense amayenda. Chovuta ndi tsiku limene mtima wazima, cholinga chili kutali monga chidaliri dzulo, ndipo palibe amene akuyang'ana.

Kayira adabadwa cha m'ma 1942, m'banja losauka la Chitumbuka. Iye mwini adasimba kuti ali khanda mayi ake, atathedwa nzeru, adamuponya mumtsinje wa Didimu, ndipo atapulumutsidwa adatchedwa dzina la mtsinjewo. Dzina lakuti Legson adadzipatsa yekha ali pasukulu. Adaphunzira ku Livingstonia, pamwamba pa phiri la Khondowe, kumene mishoni ya Robert Laws idakhazikika mu 1894. Kumeneko adamva za Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington, anthu amene adachokera pansi penipeni nakwera ndi maphunziro, ndipo adatsimikiza mumtima kuti akaphunzira ku dziko lawo. Nzeru yake idali yoti ayende pansi mpaka ku Cairo, mtunda wa makilomita oposa 4,000, ndipo ku Egypt akapeze ntchito m'sitima ya pamadzi imene ingamuwolotse.

Kuyenda pansi sikudali kwachilendo m'masiku amenewo. Kamuzu Banda, amene adali atangobwerera kumudzi pa 6 Julayi 1958 kudzalimbana ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nayenso ali mnyamata adatsika wapansi kupita ku Southern Rhodesia kenaka ku Joni. Clements Kadalie, wophunzira wina wa ku Livingstonia, adalowera kummwera mu 1915, ndipo mu 1919 adayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town. Anyamata zikwizikwi ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury, ku Wankie ndi ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. Njira zimenezo zidali zopondedwa, zidali ndi achibale m'mbali mwake, ndipo Chinyanja chinkamveka m'makomboni. Kayira adalowera kumpoto, kumene kudalibe malume womulandira.

Adanyamula bulangete, kankhwangwa, mabuku awiri, Baibulo ndi The Pilgrim's Progress, ndi kamba wa masiku asanu. Kamba ameneyu ndi woyenera kumuganizira. Ulendo udatenga zaka ziwiri ndi miyezi iwiri. Chakudya chochokera kunyumba chidali cha masiku asanu. Changu chimene munthu amayamba nacho chinthu chimafanana ndi kamba wotere. Ndi chenicheni, chimakhutitsa, ndipo popanda icho munthu sangatuluke pakhomo. Koma chimatha msanga, ndipo palibe amene adasenzapo chokwanira ulendo wonse. Kuyambira tsiku lachisanu ndi chimodzi, mnyamatayo adayenera kupeza chakudya cha tsikulo m'tsiku lomwelo, pakati pa anthu a ku Tanganyika amene sadali amtundu wake, ndipo akafuna ndalama adayenera kuima ndi kugwira ntchito ya manja.

Pamenepa ndi pamene maulendo ambiri amafera, ndipo safa ndi mkango kapena njala. Amafa ndi mpumulo. Munthu waima kuti apeze ndalama ya mwezi umodzi. Wapeza pogona, wadziwana ndi anthu, wayamba kumva chiyankhulo, pali wina amene amamusungira nsima. Mwezi usanduka chaka. Achewa, Atonga ndi Atumbuka ali ndi dzina la munthu wotere: mtchona. Matchona ambiri a ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Joni sadachoke kwawo ndi maganizo otchona. Adapita kukafuna njinga, makina osokera, ndalama ya msonkho kapena ya malata, ndipo palibe tsiku limene adakhala pansi ndi kunena kuti cholinga chija ndachisiya. Adangochedwa kunyamuka mawa lina, kenaka mawa linzake, mpaka ana awo adakula osadziwa njira ya kumudzi. Kuwaweruza n'kosavuta kwa amene sadalaweko mpumulo pambuyo pa kutopa kwenikweni. Chimene chidasiyanitsa Kayira ndi iwo si chakuti iye sadaime. Adaima kambirimbiri, nthawi zina miyezi yathunthu. Koma kuima kwake kudali ndi polekezera: ndalama ikakwana, thupi likachira, ankamanga bulangete lake ndi kuyang'ananso kumpoto.

Alimi a ku Dedza, ku Chipata ndi ku Angónia amadziwa chinthu chimene mabuku ambiri olimbikitsa anthu sachidziwa. Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo, nthaka ili gwa, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo, ndipo chimanga chimene akulimira sichidzadyedwa mpaka patapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Palibe mlimi wamaganizo abwino amene amadzuka m'nyengo imeneyo ali ndi chimwemwe chopita kukaunga mizere. Safunsanso mtima wake ngati ukufuna. Amadula ndime. Ndime si munda wonse. Ndi kachigawo kamene munthu angathe kumaliza dzuwa lisanafike paliwombo, kamene maso amaona poyambira ndi pothera pake. Tsiku limene thupi lili lolemera ndimeyo imachepa, koma khasu limafikabe kumunda. Chifukwa chake amachidziwa m'manja mwake: akakhala milungu itatu osagwira mpini, zikhatho zimafewa, ndipo pobwerera matuza amayambiranso ngati sadalimepo. Kusiya kuli ndi mtengo wake umene umalipiridwa pa tsiku loyambiranso, ndipo ambiri amalephera kubwerera chifukwa cha mtengo umenewo, osati chifukwa cha kukula kwa munda.

Munthu sangayende kupita ku Cairo. Angathe kuyenda kukafika pamudzi umene utsi wake ukuoneka patsidya, kapena kugwira ganyu ya lero kuti apeze ndalama ya sabata yamawa. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mawu a pachizindikiro cha sukulu ya Kayira, amene pambuyo pake adakhala mutu wa buku lake la mu 1965, adali akuti I Will Try, m'Chichewa "Ndiyesa". Ndi mawu odzichepetsa modabwitsa. Salonjeza kupambana, satchula America, safuna kuti munthu akhale wokondwa kapena wolimba mtima. Amene walonjeza kuti apambana amakhala wabodza tsiku lililonse limene zinthu zavuta, ndipo manyazi a bodzalo amamufooketsa kuposa vuto lenilenilo. Amene walonjeza kuyesa angathe kusunga lonjezo lake ngakhale ali chigonere ndi malungo, bola akadzuka ayesenso.

Mabuku amene adasenza nawonso sadali onyenga pa nkhani imeneyi. The Pilgrim's Progress, limene John Bunyan adalitulutsa mu 1678, limasimba za mlendo amene atangochoka kwawo adagwa m'thope la kutaya mtima. Mnzake amene adanyamuka naye mokondwa, wofunsa mafunso ambiri za ulemerero wa kumene akupita, adatulukira mbali ya kumudzi nabwerera. Kutsogolo kwa ulendowo kulinso malo amene choopsa chake ndi tulo basi. Mnyamata woliwerenga buku lotere pansi pa mtengo ku Tanganyika sakadadabwa kuona kuti changu chake chatha, poti adali atauzidwa kale kuti zimatero. Booker T. Washington naye, popita ku Hampton Institute mu 1872, ndalama zidamuthera ku Richmond, adagona pansi pa matabwa a m'mbali mwa msewu, ndipo adagwira ntchito yotsitsa katundu m'sitima kufikira atapeza yopitirizira. Munthu amene akudziwa kuti kugwa mphwayi ndi mbali ya njira sakutenga ngati chizindikiro chakuti wasochera.

Ambiri mwa olankhula Chichewa lero, kulikonse kumene ali, ali ndi Cairo wawo. Mlonda wa ku Johannesburg akumanga nyumba ku Mangochi. Mayi wosamalira okalamba ku Leeds akufuna satifiketi ya unamwino. Bambo wa ana atatu ku Lilongwe wabwerera kusukulu ya madzulo kuti alembenso mayeso a MSCE, ndipo mnzake ku Katete akulimbana ndi masamu a Giredi 12 amene adamugwetsa zaka khumi zapitazo. Onsewa adayamba ndi moto. Umboni wa zimene zimachitika moto ukazima uli m'mbali mwa misewu yonse ya m'chigawo chino: nyumba zolekezera m'mazenera, njerwa zitada ndi mvula ya zaka zingapo, m'chipinda chochezera mutamera mpapaya.

Kunena kuti eni nyumba zimenezo ndi aulesi n'kulakwa, ndipo n'kuipitsa. Mu Meyi 2022 kwacha ya Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene ankasunga ndalama ya malata pang'onopang'ono adadzuka tsiku lina n'kupeza kuti denga lathawira kutali. Pali maliro, pali fizi ya ana a mlongo, pali mayi odwala kumudzi, ndipo munthu wa kunja ndiye nkhokwe ya mbumba yonse. Palinso Facebook, kumene mnzake amene adakwera naye basi imodzi waika chithunzi cha nyumba ya matailosi, osaika chithunzi cha ngongole yake. Zonsezi zimadya changu. Komabe pakati pa anthu awiri amene agwidwa ndi mavuto ofanana pamakhala kusiyana kumene kumaoneka patapita zaka. Wina amati adikire zinthu zikhale bwino kuti adzatumize ndalama yooneka, ndipo mwezi umene alibe yochuluka satumiza kanthu. Wina amatumiza ya thumba limodzi la simenti, ngakhale akuchita nayo manyazi. Thumba limodzi silimanga khoma, ndipo pa masamu okha kusiyana kwawo n'kochepa. Koma wachiwiriyu akadali womanga nyumba: amaimbirabe foni mmisiri, amadziwa mtengo wa simenti wa mwezi uno, ndipo mkazi wake akadali ndi chifukwa chozulira udzu pamalopo. Woyamba uja, mosazindikira, wasanduka munthu amene ankamanga nyumba.

N'chifukwa chakenso chipereganyu ndi banki m'khonde zimatheka kumene kusunga ndalama pawekha kumalephereka. Tsiku loponya likafika, palibe amene amafunsa ngati mtima ukufuna. Anzake akudikira, ndipo dzina lake lili m'kope. Munthu wanzeru amadziwa kuti mtima wake ndi wosadalirika, choncho amamangirira cholinga chake ku chinthu chimene sichisintha ndi nyengo ya mumtima: tsiku loikika, ola loikika, munthu amene adzafunse. Pali kufooka kwina, n'zoona, kumene si mphwayi wamba: munthu osagona, osadya, osaona kukoma kwa chilichonse kwa milungu yambiri. Kumeneko ndi kudwala, ndipo wodwala amafunika chipatala ndi abale, osati mwambi. Kayira naye atadwala panjira adagona, ndipo adadzutsidwa ndi chisamaliro cha anthu amene sadali abale ake.

Ku Kampala ndiko kudachitika chinthu chimene okamba nkhaniyi amachitcha mwayi. Mumzindawo mudali laibulale ya ofesi yofalitsa nkhani ya boma la America, ndipo Kayira, pakati pa maganyu ake, ankapita kukawerenga. Tsiku lina adapeza buku la mndandanda wa makoleji a ku America, naona dzina la Skagit Valley College, ya ku Mount Vernon m'chigawo cha Washington. Adalemba kalata yopempha malo, ndipo adamuyankha kuti amulandira ndi kumuthandiza pa fizi. Mwayi udalipo, palibe angakane. Koma buku limenelo lidali pashelefu kwa aliyense wolowa, ndipo mnyamata amene adali atatha miyezi 15 panjira, wotopa, wopanda ndalama, adali ndi zifukwa zokwanira zogonera madzulo m'malo mokawerenga. Akadasiya chizolowezi chotsegula mabuku kufikira atafika ku America, ku Americako sakadafika.

Pambuyo pake njira idasintha. Sitima ya pamadzi ija, imene idali mutu wa nzeru yake yonse pochoka ku Mpale, idatayidwa, ndipo Cairo adaleka kukhala kofunikira. Pali anthu amene amasokoneza cholinga ndi njira, ndipo njira ikatsekeka amalira maliro a cholinga. Palinso ena amene amaumirira njira yakale chifukwa adaitchula pagulu. Kayira sankafuna Cairo. Ankafuna kalasi, mphunzitsi ndi mabuku, ndipo atapeza khomo lapafupi adalowera pomwepo osachita manyazi.

Khomo lapafupilo lidali ndi kudikira kwakenso, mwina kowawa kuposa kuyenda. Adafunika pasipoti, chinthu chovuta kwa munthu amene ngakhale tsiku lake lobadwa silidalembedwe paliponse, ndipo adalembera amishoni amene adamuphunzitsa kuti amuthandize. Adafunika viza, adafunika ndalama ya ndege. Aliyense amene adaimapo pamzere wa mapepala ku Pretoria, ku Lusaka kapena ku Lilongwe akudziwa mmene kudikira kotere kumaphera mtima: poyenda munthu amaona mtunda ukuchepa, koma podikira kalata saona kanthu, ndipo tsiku la makumi atatu limafanana ndi loyamba. Chikhalirecho kuchokera pamene adafika ku Kampala kufikira pamene adakwera ndege padapita pafupifupi chaka china. M'chakacho adapitirira kumpoto mpaka ku Khartoum, kumene adakafika ku ofesi ya kazembe wa America ali ndi kalata ya koleji koma wopanda ndalama ya ulendo. Nkhani yake itamveka ku Mount Vernon, ophunzira a pakolejipo ndi anthu a m'tauniyo adasonkha ndalama ya tikiti. Mutu umodzi susenza denga; koma anthu amenewo adasonkhera munthu amene adali atafika kale ku Khartoum. Akadakhala ku Mpale n'kulemba kalata yofotokoza maloto ake, n'zokayikitsa ngati wina akadapisa m'thumba.

Nkhani ngati iyi ili ndi msampha wake, ndipo ndi bwino kuutchula. Imakambidwa chifukwa idatha bwino. Adalipo anyamata ena akhama lofanana amene adathera m'manda a kumigodi, kapena adabwezedwa pamalire, ndipo palibe amene adalemba buku la iwo. Khama silipereka chitsimikizo, ndipo amene amauza osauka kuti umphawi wawo ndi kuchepa kwa khama amanena zimene ngakhale moyo wa Kayira sukuvomereza, poti iye adafunika amishoni, alendo omudyetsa, kalaliki wa kazembe ndi ophunzira a kutsidya kwa nyanja. Chimene chidali m'manja mwake chidali chochepa: kuti nthawi iliyonse imene thandizo lidabwera, lidamupeza akadali panjira, osati atabwerera.

Atamaliza ku Skagit Valley adapita ku University of Washington kumene adaphunzira za ndale, kenaka ku St Catharine's College ku Cambridge kumene adaphunzira mbiri yakale. Atatulutsa I Will Try adalembanso mabuku a nthano, ntchito ina imene imatheka ndi ndime basi, tsamba limodzi lero, lina mawa: The Looming Shadow mu 1967, Jingala mu 1969, The Civil Servant mu 1971 ndi The Detainee mu 1974. Lomalizali limasimba za munthu wamba wogwidwa popanda mlandu mu ulamuliro wankhanza, ndipo m'Malawi wa Kamuzu buku lotere silikadamutsegulira mlembi wake njira ya kumudzi. Adakhazikika ku England, kumene adagwira ntchito yoyang'anira olakwa amene khoti lawapatsa chilango cha kunja kwa ndende. Mnyamata amene adakana kutchona ku Tanganyika ndi ku Uganda adakalambira kutali ndi mtsinje wa Didimu, ndipo adamwalira ku London mu Okutobala 2012, patatha zaka 54 chinyamukire ku Mpale.